Kusoka Buku la Nsalu la Mwana Wamng'ono

Mwana wa zaka ziŵiri sakhala phee. Mukapita naye ku sikelo amafuna kutsika kumsana. M'tchalitchi amakoka mpango wa mai amene akhala kutsogolo kwanu. Mu minibasi yochokera ku Chilumba kupita ku Karonga boma amalira njira yonse. Anthu ena amati mwanayo ndi wovuta. Koma si kuvuta ayi. Manja ake akufuna ntchito, ndipo maso ake akufuna zoona. Mukampatsa buku lanu la mapepala sipapita nthaŵi. Tsamba lina lang'ambika, lina lili m'kamwa.

Pali buku lina limene mwana sangaling'ambe. Ndi buku losoka ndi nsalu. Masamba ake ndi okhuthala, ndipo pa tsamba lililonse pali kanthu koti zala zichite: chitseko chotsegula, nsomba yotulutsa m'bwato, zipi yokoka, batani lomanga. Ku maiko a Azungu amalitcha dzina lotanthauza kuti buku la chete, chifukwa mwana akaligwira amaiŵala kulira. Silifuna magetsi, silifuna mabatire. Singano, ulusi ndi zigamba, basi.

Nzeru imeneyi si yatsopano. M'chaka cha 1903, ku London, kampani ya Dean's Rag Book idayamba kusindikiza mabuku a ana pa nsalu kuti azichapika ndiponso asamang'ambike. M'chaka cha 1907 dokotala wina wamkazi wa ku Italy, dzina lake Maria Montessori, adatsegula sukulu ya ana aang'ono mu mzinda wa Rome. Iye adaona kuti ana amakonda kumanga ndi kumasula mabatani. Tsono adakhomera nsalu za mabatani ndi zingwe pa timatabwa kuti ana aziyeserapo okha.

Madokotala amatiuza kuti mwana akamafika zaka 3, ubongo wake umakhala utakula kale pafupifupi magawo 8 mwa magawo 10 a ubongo wa munthu wamkulu. Paja akulu adati m'mera mpoyamba. Zala zimene zikulimbana ndi batani lero ndi zomwezo zidzagwire pensulo mu Sitandade 1. Ambiri a ife tidagwira pensulo titakula kale, ndipo tikudziŵa m'mene dzanja lidaumira masiku oyamba aja.

Nsalu yake

Kumene amagulitsa mabuku otere amawasoka ndi nsalu yotchedwa felt. Nsalu imeneyi siilukidwa ndi ulusi monga chitenje. Ndi ubweya wongophatikana, monga wa zipeŵa zolimba zija za akuluakulu. Ubwino wake ndi wakuti mukaidula siyoyoka m'mphepete. Makolo athu nawonso adali ndi nsalu yosaluka. Ankasenda khungwa la mtengo, nalimenya mpaka lifeŵe, ndi kukhala nyanda yovala.

Felt siipezeka wamba kuno kwathu, koma mutha kuipanga nokha. Funani juzi yakale ya ubweya weniweni wa nkhosa. Pa kaunjika zimapezeka, ndipo kuno ku Karonga kotentha anthu sazilimbirana. Kuti mudziŵe ngati ndi ubweya weniweni, sololani kaulusi kamodzi ndi kukaotcha ndi machesi. Ubweya wa nkhosa umanunkha ngati tsitsi lopserera, ndipo phulusa lake limafumbutuka mukalitikita. Ukasungunuka ndi kuuma gwa ngati pulasitiki, dziŵani kuti si ubweya, ndipo suphatikana ngakhale muuphike tsiku lonse.

Mukapeza juzi yoyenera, iviikeni m'madzi otentha kwambiri okhala ndi sopo. Itakaseni ndi mtengo, ndipo madzi akayamba kugwirika muifikise zolimba. Itsukuluzeni m'madzi ozizira. Bwerezani kaŵiri kapena katatu. Mudzaona juzi ija ikufupika ndi kukhuthala mpaka maso a ulusi osaonekanso. Chimachitika ndi ichi: ubweya uliwonse uli ndi timamba tating'onoting'ono tonga ta nsomba. Kutentha, sopo ndi kufikisa zimachititsa timambato kukolana, osamasukanso. Mukaiyanika ndi kuuma, dulani. Siyoyoka.

Felt imeneyi isungireni zinthu zimene mwana azidzagwira kwambiri, monga nsomba, nthochi ndi zilembo. Masamba enieniwo sokani ndi nsalu yolimba ya thonje: chitenje chakale, buluku la jinzi lotha m'maondo, kapena diresi la sukulu lochepa. Matelala a pa msika amataya zidutswa zambiri tsiku ndi tsiku. Pemphani. Nsalu ya tsamba ikhale ya mtundu umodzi, yopanda maluŵa ambiri, chifukwa nsomba mukaisokera pa chitenje cha maluŵa imasoŵa, mwana osaiona.

Chapani zigamba zonse musanadule. Zina zimasuluka, ndipo utoto wake ungathere m'kamwa mwa mwana. Zina zimafupika zikanyowa koyamba, ndipo mukazisoka zosachapa tsamba lidzakwinyika.

Pali nsalu zina zosayenera ngakhale pang'ono. Thumba la feteleza ayi. Nsalu imene mudakulungira mankhwala a thonje kapena a chimanga ayi. Neti yoteteza udzudzu ayinso. Ndikudziŵa kuti pofuna kusoka tsamba la msodzi mtima umathamangira ku neti yakale kuti ikhale ukonde. Koma neti ili ndi mankhwala ophera udzudzu, ndipo mwana adzaiyamwa. Ukonde lukani ndi ulusi wokhuthala.

Yambani ndi pepala

Musathamangire sizasi. Tengani mapepala aŵiri, muwasanjikize, ndi kuwapinda pakati ngati kabuku. Lembani manambala pa masamba ake kuyambira 1 mpaka 8. Tsopano atambasuleni. Mudzadabwa. Pepala lakunja, kumbali imodzi, lili ndi 8 kumanzere ndi 1 kumanja. Mukalitembenuza muona 2 ndi 7. Pepala lam'kati lili ndi 6 ndi 3, ndipo kuseri kwake kuli 4 ndi 5. Anthu ambiri amalakwira pomwepa. Amasoka zithunzi motsatana, ndipo polumikiza amapeza chikuto cha buku chili pakati.

Dulani nsalu zinai zofanana. Iliyonse ikhale masentimita 42 m'litali ndi masentimita 22 m'lifupi. Pa tepi ya telala ndiye pafupifupi mainchesi 16 ndi theka, ndi mainchesi 8 ndi theka. Lembani mzere pakati pa nsalu iliyonse ndi choko kapena khala. Kenaka lembani manambala aja monga alili pa mapepala anu. Siyani malo okwana zala ziŵiri m'mphepete monse ndi pafupi ndi mzere wapakati. Pamenepo padzadutsa msoko, tsono pasakhale chithunzi.

Zithunzi zonse zisokedwe tsopano, nsalu zikadali zotambasuka. Mukadzalumikiza masamba, mfundo zonse za ulusi zidzabisika m'kati, kumene zala za mwana sizifika.

Tiike chiyani pa masamba?

Ikani zinthu zimene mwana amaziona pakhomo. Mabuku ogula amakhala ndi sitima ya pamtunda, zimbalangondo ndi nyumba za chipale. Mwana wa ku Kaporo kapena ku Ngara zimenezi sazidziŵa, ndipo alibe mau ozitchulira. Koma mukamuonetsa ng'ombe, bwato, nthochi ndi nkhuku, amaloza ndi kutchula, chifukwa ndi zake.

Tsamba 1 ndi chikuto. Sokanipo dzina la mwana. Lembani zilembo zazikulu pa felt, muzidule, ndi kuzisokera. Lembani kumaso kwa nsalu, osati kuseri, chifukwa S, N ndi K mukazilemba kuseri zimatuluka chagada. Ngati mwakayika kalembedwe ka dzinalo, onani m'buku lake la ku sikelo. Mwana sangaŵerenge tsopano, koma adzazoloŵera maonekedwe a dzina lake. Tsiku lina adzaona chilembo chomwecho pa chikwangwani, nati, "Changa!"

Tsamba 2 likhale la nyumba ya chitseko. Chitsekocho chisokedwe mbali imodzi yokha kuti chizitseguka. Kuseri kwake ikani nkhope ya munthu kapena mphaka. Ili ndi tsamba la mwana wa chaka chimodzi. Adzatsegula, kutseka, kutsegulanso, mpaka inu kutopa. Musamuletse. Akuphunzira kuti chinthu chikabisika sindiye kuti chatha.

Tsamba la bwato ndilo ana a m'mbali mwa nyanja amalikonda koposa. Sokani nsalu yobiriŵira ngati madzi m'munsi mwa tsamba. Pamwamba pake sokani bwato, koma m'mbali ndi pansi pokha, kuti kumwamba kukhale kotseguka ngati thumba. Dulani nsomba zitatu za felt. Iliyonse ikhale ya nsalu ziŵiri zophatikiza kuti ilimbe. Musasoke usipa. Sokani mpasa kapena kampango, nsomba yotalika kuposa chala chanu chapakati. Chifukwa chake tinena kutsogoloku. Nsomba iliyonse imangiriridwe ku bwato ndi kalamba ka nsalu kosapitirira masentimita 15, kuti isatayike. Mwana azizitulutsa ndi kuzibwezera, inu mukuŵerenga naye: imodzi, ziŵiri, zitatu.

Masamba 4 ndi 5 ali pa nsalu imodzi, tsono mutha kuikapo chithunzi chachitali. Phava la nthochi likukhala bwino. Dulani nthochi zisanu, muzisokere ku tsinde kokha kuti zizinyamuka. Pansi pa nthochi iliyonse sokani nambala, kuyambira 1 mpaka 5. Amene mumaphika mbalagha mwana wanu nthochi amazidziŵa kale. Ena angakonde khola la ng'ombe lokhala ndi chipata, kapena munda wa mpunga wonga wa ku Wovwe ndi ku Hara, mbalame zili pamwamba. Ndipo ngati mudaloŵapo m'nyumba yosungiramo zakale ya pa Karonga boma, imene idatsegulidwa mu 2004, mudaona chinyama chija cha khosi lalitali chotchedwa Malawisaurus, chimene mafupa ake adafukulidwa m'boma lino. Kudula kwake n'kosavuta: thupi, khosi, mchira ndi miyendo inai. Mwana wa zaka zinai adzafunsa mafunso osatha.

Pa tsamba 6 ikani zipi yochotsa ku siketi yakutha, ikhale kukamwa kwa ng'ona kapena kwa chikwama. Pa tsamba 7 ikani kamalaya ka mabatani aŵiri. Zipi ana ambiri amaitha ali ndi zaka ziŵiri kapena zitatu, mabatani cha m'ma zaka zitatu, koma kumanga zingwe za nsapato kumadikira mpaka zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Tsono akalephera musati mwana wanga ndi wogona. Nthaŵi yake sinakwane. Tsamba 8 lisiyeni lopanda kanthu.

Chenjerani ndi zomeza

Gawo ili muliŵerenge kaŵiri. Mwana wosakwana zaka zitatu chilichonse amachiyesa ndi pakamwa. Njira yake ya mpweya ndi yaing'ono, yosaposa kachala kake. Batani likathothoka ndi kutsekereza njira imeneyi, mwana angathe kufa m'mphindi zoŵerengeka, galimoto yopita ku chipatala isanapezeke n'komwe.

Tengani bokosi la machesi lopanda kanthu. Chinthu chilichonse chimene chingaloŵe m'bokosi limenelo chisakhale pa buku la mwana wosakwana zaka zitatu. Ndicho chifukwa tidakana usipa. Mikanda ayi. Nyemba, chimanga ndi mtedza ayi. Zimenezi ana amaziloŵetsanso m'mphuno ndi m'khutu, ndipo zikanyowa zimafufuma. Mapini, waya, maginito ndi timabatire tozungulira ta m'mawotchi zisayandikire n'komwe. Kabatire kotere mwana akakameza kamaotcha kum'mero m'maola ochepa. Maso a nsomba ndi a ng'ombe asokeni ndi ulusi wakuda. Musamate ndi guluu, chifukwa zomata mwana amazimatula.

Nanga mabatani a pa tsamba 7? Pangani a nsalu. Dulani felt mozungulira, kukula kwake kuposa bokosi la machesi lija, muphatikize zitatu ndi kuzisoka pamodzi. Limenelo ndi batani lofeŵa, losamezeka. Mabatani enieni adikire mwana akwanitse zaka zitatu. Ngakhale pamenepo asokedwe ndi ulusi wopinda paŵiri, singano idutse kakhumi, ndipo kuseri kukhale kachigamba kolimbitsa.

Chingwe chilichonse chikhale chachifupi, chosakwanira kuzungulira khosi la mwana. Ndipo mukamasoka, ŵerengani singano ndi mapini anu poyamba ndi potsiriza. Mukayamba ndi mapini 6, mutsirize ndi 6.

Mwana akatsamwa koma akutsokomola mwamphamvu, mlekeni atsokomole. Akalephera kutsokomola, kulira kapena kupuma, mgonekeni chafufumimba pa miyendo yanu, mutu uli m'munsi. Mmenyeni kasanu ndi chikhato pakati pa mapeŵa. Ngati chinthucho sichinatuluke, ndipo mwanayo adapitirira chaka chimodzi, gwadani kumbuyo kwake. Ikani nkhonya pamwamba pa mchombo, ndi kukokera kwa inu chokweza, kasanu. Bwerezani ziŵirizi mosinthana, wina akufuna galimoto kapena njinga yamoto. Musapise chala kukhosi pofufuza chinthu chimene simukuchiona, mungachikankhire m'kati. Musammwetse madzi. Khanda losakwana chaka silifinyidwa pamimba. Lili ndi njira yake, ndipo ndi bwino kuitana mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti adzakuonetseni nonse pogwiritsa ntchito chidole.

Kulumikiza

Tengani nsalu ya 8 ndi 1, ndi nsalu ya 2 ndi 7. Ziyang'anitseni, zithunzi zili m'kati, ndipo 1 akhale moyang'anana ndi 2. Onetsetsani kuti palibe chithunzi chozondoka. Pamwamba pake yalani chidutswa cha bulangete lakale kapena thaulo kuti tsamba likhuthale. Sokani kuzungulira, sentimita imodzi kuchokera m'mphepete, ndi msoko wobwerera m'mbuyo, uja wosasololoka. Siyani mpata wokwana dzanja. Dulani nsonga za m'makona, tembenuzani kudzera pa mpatawo, sitani, ndi kutseka mpata. Chitani chimodzimodzi ndi nsalu ziŵiri zotsalazo, 3 moyang'anana ndi 4.

Ngati mukufuna tsamba lolira chekechekeche, ikani pepala la pulasitiki loyera bwino m'kati musanatseke, ndipo msoko uligwire mbali zonse. Mpunga musaikemo. Ukanyowa umaola, ndipo umaitana anankafumbwe ndi makoswe.

Tsopano sanjikizani ziŵirizo, 4 ndi 5 ali pamwamba. Sokani pa mzere wapakati kaŵiri, kupita ndi kubwerera. Pamenepa ndi pokhuthala, tsono funani singano yaikulu, kapena pitani kwa telala akudutsitsireni pa makina. Pindani. Buku latha. Musanampatse mwana, kokani chinthu chilichonse ndi mphamvu zanu zonse. Chikagwedera kwa inu, kwa iye chidzathothoka.

Khalani naye

Buku ili likhoza kumtonthoza mwana pa mzere wa ku chipatala, inde. Koma ntchito yake yaikulu imachitika mukamuika pa miyendo ndi kuyankhula naye. Mfunseni, "Ichi n'chiyani? Ndani ali m'nyumbamu? Nsomba yapita kuti?" Dikirani ayankhe. Akati "omba", inu muti, "Eya, nsomba. Nsomba yaikulu ili m'bwato." Musamseke, musamkalipire. Mwana amaphunzira mau poŵamva kwa munthu amene akumuyang'ana m'maso.

Yankhulani chiyankhulo cha pakhomo panu. Kabuku kano kali m'Chicheŵa, koma mwana wanu mwina amamva Kyangonde kapena Chitumbuka. Ngati kwanu madzi mumati amisi, nenani amisi. Ngati mumati maji, nenani maji. Nsomba ikhale somba ngati ndi m'mene agogo ake amaitchulira. Buku la nsalu lilibe chiyankhulo chakechake. Limayankhula cha amene waligwira. Ndiye chifukwa chake ngakhale agogo amene sadapite ku sukulu angathe kuliŵerenga ndi mdzukulu wao.

Abambo, musati izi ndi za amai. Matelala ambiri a pa khonde la sitolo ndi amuna, ndipo msodzi amene amasoka ukonde sangalephere kusoka nsomba ya nsalu. Mukabwera ku nyanja kapena ku munda, mphindi khumi zokha ndi mwana pa miyendo zikwanira.

Musamsiyire bukuli tsiku lonse, angatope nalo. Libiseni, muzilitulutsa nthaŵi yake. Asagone nalo. Likada lichapeni ndi sopo m'madzi ozizira, popeza madzi otentha adzafupikitsanso felt ija. Liyanikeni pa chingwe, pa dzuŵa, masamba ali otambasuka. Pansi ayi, chifukwa pali ntchentche ina imene imaikira mazira pa nsalu zonyowa, ndipo mphutsi zake zimaloŵa m'khungu la mwana. Likauma lisiteni, makamaka nyengo ya dzinja pamene nsalu zokhuthala zimachedwa kuuma ndi kuchita nkhungu. Mukachapa kokaninso zonse, chifukwa ulusi umatha.

Zokambirana ndi zochita

1. Lembani maina a zinthu zisanu zimene mwana wa m'mudzi mwanu amaziona tsiku lililonse. Ndi ziti zosavuta kudula pa nsalu?

2. Chitenje ndi chotalika mamita 2, kapena kuti masentimita 200. Mukadula motsata m'litali mwake, mupeza nsalu zingati za masentimita 42? Patsala masentimita angati?

3. Kodi m'mudzi mwanu muli sukulu ya mkombaphala? Ana ake amaseŵera ndi chiyani? Ngati aliyense wa m'gulu lanu atasoka nsalu imodzi ya masamba aŵiri, pangatuluke mabuku angati?

4. Sabata yamaŵa bwerani ndi zigamba zochapa, singano, ulusi, mapepala aŵiri ndi bokosi la machesi lopanda kanthu.